Kagiya kakafupi kaja: chaka chathunthu ndikuphunzira 4x4 pa foni

Ndinali nditayendetsa galimoto zaka 11 pamene malume anandisiyira Hilux yawo yakale ya dizilo, ndipo ndinkadziona ngati katswiri. Nditakhala pampando ndinapeza kuti pambali pa giya yomwe ndinaizolowera pali kagiya kena kakafupi, kamutu kake kolembedwa H2, H4, N ndi L4. Malume anangokaloza ndi chala n'kunena kuti, "Kameneko uzikagwira zikavuta basi." Kuvutako kumaoneka bwanji, sanandiuze.

Mvula itagwa sabata yotsatira ndinaganiza kuti zavuta. Ndinakakokera pa H4 ndili pa tala, n'kukaiwala pomwepo. Dzuwa linawala, msewu unauma, ine osakumbukira. Tsiku lachitatu, ndikukhota kuti ndiimike galimoto pamalo opanikiza, chiwongolero chinalimba ngati wina wachigwira, matayala akutsogolo anayamba kulira ndi kudumphadumpha, ndipo kagiya kaja kanakaniratu kubwerera pa H2. Ndinakankha ndi manja awiri, osatheka. Usiku umenewo ndinagona foni ili m'manja, ndipo kuchokera pamenepo papita chaka ndi miyezi ingapo ndikuphunzira za magalimoto oyenda m'tchire pa intaneti. Pano ndikufuna ndikuuzeni mmene ndawaonera aphunzitsi anga a pafoniwo, poti si onse amene anali aphunzitsi.

Ndiyambe ndi chinthu chimene anthu sachitchula chifukwa sichisangalatsa: buku la galimoto yanu. Makampani ambiri amaika mabuku amenewa pa masamba awo ngati PDF yaulere, ndipo a magalimoto akale amapezeka kwa eni magalimoto anzanu amene anawajambula tsamba ndi tsamba. Langa la pepala linasowa kalekale. Nditalipeza pa intaneti ndinachita manyazi, chifukwa zonse zimene zinandichitikira zinalembedwamo poyera: osayenda pa 4WD (matayala onse anayi akukoka, ndiko kuti pa H4 kapena L4) pamsewu wouma ndi wolimba, imani kaye musanalowetse L4. Momwemo mulinso kulemera kumene galimoto imaloledwa kunyamula, mpweya woyenera m'matayala ndi malo oyenera kuika jeke. Wa pa YouTube amakuuzani za galimoto yake. Buku limakuuzani za yanu. Vuto lake n'loti limangolamula, silifotokoza chifukwa, ndipo ine ndikapanda kumva chifukwa cha lamulo ndimaliiwala.

Chifukwacho ndinachipeza mu kanema wakale kwambiri, wopanda mitundu, amene kampani ya Chevrolet inapangitsa mu 1937, wotchedwa Around the Corner. Ali pa YouTube ndipo sakwana mphindi 10. Amayamba ndi anthu okwera njinga zamoto atandandalika mzere n'kumazungulira, kuti muone kuti amene ali kunja kwa kona amayenda mtunda wautali kuposa wa mkati. Kenako amamanga difu, magiya amene amalola matayala awiri kupota paliwiro losiyana, pamaso panu ndi timitengo, kuwonjezera kamodzikamodzi mpaka timitengo tija tasanduka mano a magiya. Ndaonera mavidiyo atsopano ambirimbiri a zithunzi zapakompyuta, koma palibe amene anandilowa m'mutu ngati ameneyu. Ndinauonera katatu.

Mukamvetsa difu, zina zonse zimatseguka zokha. Pokhota, si tayala lakunja lokha limene limayenda mtunda wautali: matayala akutsogolo nawonso amazungulira patali kuposa akumbuyo. Galimoto ngati yanga ilibe difu yapakati, ndiye mukaika pa H4 shafiti yopita kutsogolo ndi yopita kumbuyo zimamangidwa pamodzi, zonse liwiro limodzi. Pafumbi kapena pamatope matayala amaterereka pang'ono n'kumasula kukokanako. Pa tala youma alibe potererekera, choncho zitsulo zimapotana mkati mpaka china chitagonja. Ine ndinachita mwayi, ndinangobwerera chafutambuyo mowongoka mamita angapo pamalo a miyala yaing'onoing'ono, kagiya kaja n'kumasuka ngati sikanavutepo. Magalimoto ena monga Prado ndi Defender ali ndi difu yapakati, ndipo matayala onse anayi amakoka nthawi zonse popanda vuto limeneli. A Mitsubishi okhala ndi Super Select amalola zonse ziwiri. N'chifukwa chake malangizo a munthu mmodzi angakhale oona pa galimoto yake koma n'kukuphwanyirani yanu.

Difu yomweyo inandiululiranso chinsinsi chimene chinandikhumudwitsa: 4x4 yambiri ikafika povuta imakoka ndi matayala awiri okha. Difu wamba imagawa mphamvu mofanana ku matayala ake awiri, ndipo muyeso wake ndi tayala limene likugwira pansi mofooka. Tayala limodzi lakutsogolo likalendewera m'mwamba, lina lakumbuyo la mbali inayo n'kukhala pamatope, awiriwo amangopota pachabe, awiri ogwira pansiwo ali phee. Ntchito ya diff lock, chida chomanga matayala awiri a difu imodzi kuti azipota limodzi, ndiyo kuletsa zimenezi, ndipo magalimoto atsopano amachitanso ndi kompyuta imene imamanga buleki pa tayala lopotalo.

Munthu amene anandifotokozera zimenezi mpaka kukhuta ndi Robert Pepper, mtolankhani wa zamagalimoto wa ku Australia, amene tchanelo chake chimatchedwa L2SFBC. Ndinene mosabisa, mavidiyo ake si oonera mutatopa. Mulibe nyimbo zaphokoso, mulibe kukuwa, muli zithunzi za mivi yosonyeza kumene mphamvu ikupita ndi manambala ochuluka. Nthawi zina ndimaimitsa, n'kutenga pepala. Koma akamaliza simufunikanso kuloweza lamulo, chifukwa mumatha kulipanga nokha. Ngati mungasankhe mphunzitsi mmodzi yekha pa onse amene ndiwatchule, sankhani ameneyu. Kwa iye ndi kumene ndinamvera bwino kuti L4 siwonjezera kugwira kwa matayala, imangochepetsa liwiro n'kuchulukitsa mphamvu yopotera. Pa Hilux imachepetsa pafupifupi kawiri ndi theka, 2.566, pa Suzuki Jimny kawiri, pa Jeep Wrangler Rubicon kanayi. Phindu lake lalikulu n'loti mumakwawa pamiyala osaotcha kilatchi, ndipo pamtsetse injini ndi imene imagwira galimoto, osati phazi lanu pabuleki.

Wachiwiri ndi Ronny Dahl, wa ku Perth, Western Australia, amene anatchuka ndi Land Cruiser 79 yake. Uyu ndiye wochezeka. Amaima pamchenga weniweni, amagwada pa tayala, amakuonetsani ndi manja. Mavidiyo ake a oyamba kumene, onena za zolakwa zimene aliyense amachita, ndi amene ndingapatse munthu amene wagula galimoto dzulo. Kanthu kakang'ono kamene ndinatola kwa anthu a mtundu wake: zala zazikulu zisalowe mkati mwa chiwongolero. Tayala likamenya mwala chiwongolero chimatha kubwerera mwamphamvu n'kukuthyolani chala. Zaka 11 ndinkagwira molakwika. Alinso ndi mavidiyo ena oonetsa magalimoto a anthu okongoletsedwa ndi zida kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ndipo amenewo ndi amene anandilowetsa chilakolako chimene ndichitchule posachedwa.

Andrew St Pierre White wa 4xoverland ndi mkulu amene wayenda kwambiri m'maiko a kumwera kwa Africa, makamaka Botswana ndi Namibia, asanasamukire ku Australia. Amalankhula motalika, ndipo akakhala ndi maganizo pa galimoto ina samawabisa, mwina mpaka kukwiyitsa eni ake. Sindigwirizana naye pa zonse. Koma amaganiza ngati munthu amene akupita kutali kumene kulibe wom'thandiza, osati wongosewera Loweruka n'kubwerera kunyumba. Funso lake nthawi zonse limakhala lakuti chinthu ichi chikathyoka uli wekha masiku awiri kuchokera kwa makanika, utani? Ndipo amabwerezabwereza nkhani ya kulemera mpaka kutopetsa, koma akunena zoona.

Apa ndi pamene intaneti imasocheretsa woyamba kumene. Mukangoonera mavidiyo atatu a 4x4, zotsatira zake zimadzaza ndi anthu otsegula makatoni: bampala yachitsulo, winchi, magetsi a padenga, tenti ya padenga, firiji, madirowa, matayala aakulu, masipuling'i okweza galimoto. Ambiri mwa iwo zidazo anapatsidwa ndi ozigulitsa, ena amanena, ena amabisa m'tizilembo ta pansi pa vidiyo. Miyezi iwiri ndinali ndi mndandanda m'foni wa zinthu 17 zoti ndigule, ndisanapondeko ngakhale mchenga. Chimene chinandidzutsa ndi kachitsulo komatidwa pagalimoto kolembedwa kulemera kwake konse kololedwa, GVM. Ndinatenga pepala. Akuluakulu anayi, makilogalamu 300. Madzi malita 60, makilogalamu 60. Zigubu ziwiri za dizilo za malita 20, pafupifupi makilogalamu 34 osawerengera zigubuzo. Tayala lachiwiri lapadera, zida, zogonera. Ndisanaike chitsulo chilichonse cha pamndandanda uja ndinali nditadya kale gawo lalikulu la zimene ndimaloledwa. Ndipo chilichonse chimene mwakweza padenga chimakweza nacho pakati pa kulemera kwa galimoto, n'kuipangitsa kufuna kugudubuzika pamalo opendekeka. Pa zinthu 17 zija ndinagula zinayi: geji yoyezera mpweya, kakompuresa kolumikiza ku batire, fosholo ya mpini wautali ndi timatabwa tiwiri ta pulasitiki toponderapo matayala. Totchuka kwambiri ndi ta MAXTRAX ta ku Australia, koma tilipo ta mitundu yambiri.

Pa zonse zimene ndaphunzira, chimene chasintha kwambiri kayendedwe ka galimoto yanga sichigulidwa n'komwe. Ndi kuphwetsa matayala. Poyamba ndinkaganiza kuti tayala lophwa limatambasuka m'mbali. Limatero pang'ono, koma chachikulu n'choti pamene likugunda pansi pamatalika kutsogolo ndi kumbuyo, ngati lamba wa thirakitala ya unyolo. Kulemera komweko kumagawika pamalo aakulu, ndiye m'malo mokumba mchenga tayala limayandama pamwamba pake. Aphunzitsi ambiri amayambira pa psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) 16 mpaka 18 pamchenga wofewa, ndi kutsika kuposa apo ngati mwatitimira kale. Pamsewu wa timizere togwedeza mano kapena pamiyala amaphwetsa pang'ono chabe, kuti tayala lizikumbatira mwala m'malo mobooka. Koma mphatso imeneyi ili ndi ngongole yake. Tayala lophwa likathamanga limatentha n'kuwonongeka mkati, ndipo mukakhota mwadzidzidzi limatha kuvuka pa rimu. Choncho liwiro litsike limodzi ndi mpweya, ndipo musanabwerere pa tala mupope. N'chifukwa chake geji popanda kompuresa ndi theka la chida.

Apa ndidandaule pang'ono za miyeso. A ku Australia amayeza mpweya ndi psi koma mtunda ndi makilomita. A ku America amayeza zonse ndi psi, mainchi ndi mamailosi. A ku South Africa ndi ku Ulaya amakonda bar. Geji yanga ili ndi bar, ndiye ndinamata kapepala padashibodi: bar imodzi ndi psi 14.5, psi 18 ndi bar 1.2 ndi pang'ono. Komanso zonsezi zili m'Chingerezi, ndipo cha ku Australia chimathamanga n'kumeza mawu. Yatsani mawu olembedwa pansi pa vidiyo, ndipo musachite manyazi kuchepetsa liwiro lake.

Tsopano amene ndimawaonera pofuna kuseka: Matt's Off Road Recovery, a ku Hurricane, Utah. Matt Wetzel ndi gulu lake amanyamuka pa Jeep Cherokee yachikasu ndi magalimoto ena odzipangira okha kukazula anthu amene atitimira mumchenga, m'matope ndi m'chipale. Ndi osangalatsa zedi, ndipo kuona zolakwa za anthu ena zikubwerezedwa kumaphunzitsa: galimoto yobwereka yolowa kumene siyenera, munthu woponda moto mpaka galimoto yagona pamimba, matayala opopedwa gwa ngati ali pa tala. Koma si sukulu. Amenewa amagwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku, amadziwa zingwe zawo ndi pomangirira pawo, ndipo akamakoka zimaoneka zophweka. Woyamba kumene akaonera n'kuganiza kuti nkhani ndi kumanga chingwe n'kuthamanga, akhoza kupha munthu.

Sindikukokomeza. Chingwe chokokera chotanuka, chimene amati snatch strap, chimatambasuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a utali wake n'kusunga mphamvu ngati legeni. Chinthu chimene mwachimangirirako chikathyoka, chimauluka kutsata chingwecho kulunjika galasi la galimoto inayo. Kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto, tow ball, kamaoneka kolimba ndiponso kosavuta kukolekapo chingwe, koma sikanapangidwire kugwedezedwa motero. Ku Australia anthu afa nako, ndipo lamulo la kumeneko limakakamiza ogulitsa zingwezi kulembapo chenjezo lonena zimenezi. Malangizo awo amati chingwe chikhale cholimba kawiri kapena katatu kuposa GVM ya galimoto yopepuka mwa ziwirizo, ndipo oonerera aime patali, kuposa utali wa chingwecho kamodzi ndi theka. Timphete tating'ono timene timakhala pansi pa magalimoto ambiri ndi tomangira galimoto ikamanyamulidwa pa sitima kapena pa lole, si tokokera. Ndipo zingwe ziwiri sizilumikizidwa ndi chitsulo pakati. Mutu umenewu ndi umene ndingakupempheni kuti muuonere kwa aphunzitsi atatu osiyana musanagule chingwe. Ine mpaka lero sindinagule. Fosholo sinaphepo munthu wa patali.

Za madzi, manambala amene anandikhazika pansi ndinawapeza pa tsamba la National Weather Service ya ku America, osati kwa anthu a 4x4. Amati madzi othamanga akuya masentimita 15 akhoza kugwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 amakokolola magalimoto ang'onoang'ono ambiri, ndipo a masentimita 60 amatenga ngakhale mapikapu. Makampani amalengeza kuya kumene galimoto ingawoloke, Ford Ranger mamilimita 800, Defender yatsopano 900, koma amenewo ndi madzi odekha, pansi polimba. Mavidiyo abwino amakuuzani kuti muyambe mwawoloka ndi miyendo, ndipo ngati simungathe kuwoloka ndi miyendo galimoto isalowe. Amafotokozanso kuti injini ikamwa madzi imathera pomwepo, chifukwa madzi safinyika ngati mpweya, zitsulo za mapisitoni ndi zimene zimapindika. Ndipo difu yotentha ikamizidwa m'madzi ozizira mpweya wa mkati mwake umanyala n'kuyamwa madzi, oyilo n'kusanduka ngati mkaka. Mavidiyo oipa amakuonetsani galimoto ikudumphira mumtsinje madzi n'kuwaza mpaka padenga, koma sakuonetsani galimotoyo ili kwa makanika sabata yotsatira.

Mapu ndi nkhani ina. Chinthu choyamba chimene sindinkadziwa n'choti GPS ya pafoni sifuna netiweki. Chimene chimafuna netiweki ndi mapuwo, ndiye mukawakopera m'foni musananyamuke, kadontho kosonyeza pamene muli kamayendabe ngakhale pakati pa tchire. OsmAnd ndi Organic Maps zimagwiritsa ntchito OpenStreetMap, mapu amene anthu wamba akhala akujambula kuyambira 2004. Organic Maps ndi yosavuta, OsmAnd ili ndi mabatani ochuluka moti sabata yoyamba ndinkasochera mu pulogalamu momwemo, koma imaonetsa zambiri. Gaia GPS ndi yabwino poonetsa zitunda ndi zigwa. onX Offroad imayamikiridwa kwambiri m'mavidiyo a ku America, ndipo imapereka manambala a kuvuta kwa njira, koma phindu lake lili kwa oyenda ku North America. Ku Australia ali ndi Hema. Tracks4Africa inamangidwa kuchokera ku njira zimene apaulendo anayendamodi atayatsa GPS, ndipo chimene ndimaikondera n'choti imanena maola a ulendo, osati makilomita okha. M'tchire makilomita 40 akhoza kudya theka la tsiku. iOverlander ndi yoonera malo ogona, madzi ndi mafuta, olembedwa ndi apaulendo anzanu. Muziona tsiku limene munthu analemba, poti chitsime cha zaka zinayi zapitazo mwina chinauma.

Pulogalamu ina, sinditchula dzina poti cholakwa chinali changa, inandionetsa kamzere kabwinobwino kowoloka chigwa, ndipo chithunzi cha setilaiti chinavomereza. Nditafika ndinapeza chigwembe chakuya kuposa msinkhu wanga pamene panayenera kukhala njira. Chithunzicho chinali chakale, chojambulidwa nyengo yadzuwa, madzi asanagumule. Ndinabwerera chafutambuyo pafupifupi mamita 300 pakati pa mitengo chifukwa panalibe potembenukira. Kuyambira pamenepo ndimanyamula mapu awiri osiyana, ndipo ndimauza munthu kunyumba kumene ndikupita ndi nthawi yoti ayambe kuda nkhawa.

Ziwiri zina ndizitchule mwachidule. Tread Lightly!, imene inayambitsidwa ndi nthambi ya zankhalango ya boma la America mu 1985 n'kudziimira payokha mu 1990, ili ndi maphunziro aafupi a pa intaneti onena za kuyenda osawononga: kukhala m'njira imene ilipo kale, osazungulira chithaphwi n'kukulitsa msewu, osalowa m'madambo. Si yosangalatsa, koma imatha msanga ndipo ndi yoyenera. Ndiye pali masamba a eni magalimoto a mtundu umodzi, monga IH8MUD ya a Land Cruiser. Amenewa ndi golide mukakhala ndi funso lenileni, monga phokoso linalake pa giya inayake. Mukafunsa kuti matayala abwino ndi ati, mudzalandira mayankho 40 otsutsana ndi mkangano umodzi.

Pali zimene foni singakupatseni. Kamera imanama pa zitunda: chitunda chimene pavidiyo chimaoneka ngati kamtunda, mukakhala pampando mumangoona thambo ndi boneti. Ndinaonera kambirimbiri mmene mungatsikire mukalephera kukwera: osatembenuka pachitunda, osaponda kilatchi n'kutsetsereka, koma kugwira buleki, kulowetsa rivesi pa L4, kusiya kilatchi, n'kulola injini ikutsitseni mowongoka. Ndinkatha kuzinena ndili m'tulo. Tsiku limene ndinayesa pa kachulu kakang'ono, injini itazima, phazi langa lamanzere linathamangira pa kilatchi lokha popanda kundifunsa, galimoto n'kuyamba kubwerera. Ndinabwereza kasanu ndi kamodzi phazilo lisanamve. Aphunzitsi onse abwino amene ndawatchula amanena okha kuti mukapeze maphunziro a pamaso ndi pamaso kapena kalabu ya oyendetsa 4x4, ndiponso kuti ulendo woyamba musapite galimoto imodzi. Ameneyo ndiye muyeso wanga wa mphunzitsi wa pa intaneti tsopano: amene sakutumizani kunja kukayesa pamalo aang'ono, akufuna muzingomuonera.

Ndiye ndikafunsidwa poyambira, ndimati buku la galimoto yanu kaye, kenako kanema wa 1937 uja, kenako mavidiyo a Ronny Dahl a oyamba kumene, ndipo mafunso akayamba kubwera, Robert Pepper. Mkulu wa 4xoverland mum'peze mukayamba kulota za ulendo wa masiku ambiri. A ku Utah muwasungire Lamlungu masana. Data imapita yambiri, choncho amene mukufuna kuwabwereza muwakopere pamene pali Wi-Fi.

Mwezi watha ndinatitimira koyamba zenizeni. Tinali ndi alamu anga, tikuwoloka mtsinje wouma wa mchenga wotakata mamita ngati 60, iwo atasiya galimoto yawo m'mphepete pamene tinayambira, poyembekeza kuona mmene ine ndichitire. Ndinachita ulesi kuphwetsa matayala, ndinati ndi pafupi. Pakati penipeni galimoto inayamba kulemera, injini kubuula, ndipo ndinamva kumbuyo kukukhala pansi. Phazi linafuna kuponda moto. Ndinalichotsa.

"Alamu, pondani! Pondani ituluke!" anakuwa akuthamangira.

"Ayi alamu, ikumba. Tengani fosholo kumbuyoko."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anatenga. Ine ndinagwada pa tayala lililonse ndi geji, mchenga ukuotcha mawondo, kutsitsa kuchoka pa bar 2.2 kufika pa 1.0. Tayala limodzi linkatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, mpweya ukulira tsiii, alamu akung'ung'udza kuti ndikuwononga matayala abwinobwino. Tinakumba mchenga kumbuyo kwa matayala onse anayi kuti pakhale potsetsereka, osati khoma, tinasuzumira pansi kuona kuti difu sinagone pamchenga, n'kulowetsa timatabwa tija pansi pa matayala akumbuyo. Ndinasankha kubwerera m'mapazi anga omwe, chifukwa mchenga wa kumeneko unali utapondedwa kale. L4, rivesi, kusiya kilatchi pang'onopang'ono, moto wongokwanira kuti injini isazime. Galimoto inagwedezeka kamodzi, inakwera patimatabwa, n'kuyamba kubwerera ngati ili pabwalo.

Ulendo wachiwiri ndinalowa ndi giya yachitatu ya L4, osasintha giya pakati, ndipo tinawoloka injini isanakweze n'komwe mawu. Kutsidya, pansi polimba, ndinalumikiza kakompuresa kanga ku batire. N'kakang'ono, kamatentha, kamafuna kupumula pakati pa matayala, ndipo anayi onse anatenga mphindi zoposa 20. Alamu anakhala pamthunzi akuyang'ana mchenga uja, kenako anabwera kudzaima pambali panga.

"Kageji kameneko," anatero, "mundibwereke kaye. Yanga ija ikadali kutsidya."